Magiya a Alamu

Telala wina ankakonda njinga yake yakale kuposa makina osokera amene ankamudyetsa. Magiya ake ankasinthira pa kachitsulo kosalira, kongokankha pang'onopang'ono uku khutu lili ku tcheni mpaka itakhazikika.

Mlamu wake wogulitsa mazira, mwamuna wa mlongo wake wamng'ono, anabwereka njingayo. Pobweza, kachitsulo kaja kanalibepo. Pahandulo panali chipulasitiki chakuda cholira kuti the! the! ukachidina. Mlamuyo ananena monyadira kuti wamuchotsera zachikale, masiku ano giya imagwa yokha, osati kumaisakasaka ngati nsabwe m'bulangete. Kachitsuloko anati anakataya kudzala kwa makanika.

Telala anathokoza ndi mano okha, mtima uli phuluphulu. Anakafukula dzala lonse lija osakapeza. Akubwerera ndi pamene anazindikira kuti chipulasitikicho sichinkagwirizana ndi mano a magiya akale. Pamalo osalala zinkayenda bwinobwino. Koma pachikweza, ukadina kuti upepukitse, tcheni inkalendewera pakati pa magiya awiri, kenako n'kudumpha, phazi n'kuponda mphepo. Kachitsulo kake akanangokasuntha pang'ono, koma ichi sichinkamva za pang'ono. Anagwa pachikwezapo n'kusupuka bondo, nabisa balalo mu buluku osauza munthu.

Sipanapite nthawi, mlamu uja anabweranso kudzabwereka njinga. Anali atapeza oda yaikulu ku hotela ya pamwamba pa chikweza chomwecho. Telala anapopa matayala, nathira oyilo pa tcheni, n'kumuthandiza kusanja mathireyi pakaliyala mpaka kupitirira msana.

"Pachikweza paja musavutike, alamu," anatero akumanga lamba. "Mungodina. Paja imagwa yokha."

Anatseka shopu n'kumatsatira chapatali wapansi. Anaona mlamu wake akudzuka pachishalo, akukankha mapedulo ndi mphamvu zonse, chala chikupita pa chipulasitiki. Tcheni inalira, njinga inapendekera kungalande, ndipo mazira anayenderera mumsewu mpaka agalu anasonkhana. Telala atafika anayamba wadzutsa njinga, kuyang'ana ngati foloko yapindika, kenako ndiye anafunsa munthu uja ngati wavulala.

Madzulo mlongo wake anabwera kushopu osagogoda. Anati amuna ake chigongono chatupa, a hotela apeza wina wowapatsa mazira, ndipo mnyamata wa makanika waulula kuti anaonapo achimwene akugwa pamalo omwewo.

"Munkadziwa, achimwene."

Telala sanaimitse makina. "Njinga ndi yanga, mlongo wanga. Magiya ndi a amuna ako."

Kuyambira tsikulo mlongo wake anasiya kumupatsa moni, ndipo mayunifolomu a ana ankakasoketsa kwina. Mlamu akamuona ankawoloka msewu. Telala anadula waya wa magiya ndi pulayazi, tcheni n'kuisiya pa giya imodzi yolemera. Pachikweza ankatsika n'kumakankha, thukuta lili kamukamu, akuimba mluzu.