Nyimbo Yotsimphina

Wagitala anakhala m'situdiyo, chala chili pa batani lodulira. Mpikisano wa nyimbo wa mayiko ambiri unkalandira nyimbo zazifupi zokha, koma yakeyi inali ya roko, yaitali ngati ulaliki. Pakati pake panali chigawo chimene ankachikonda koposa, pomwe ng'oma zinkadumpha kugunda kumodzi kenako n'kubwereramo.

"Alamu, dulani pomwepo," anatero woimba wa gulu lawo, mng'ono wa mkazi wake. "Oweruza amafuna kolasi ya popu, yoti munthu aziimba akusamba. Yanuyi ikutsimphina ngati yaponda minga."

"Kutsimphinako ndiye nyimboyo," anayankha chapansipansi. Komabe anadula, poopa kuti anzake angalephere ulendo wa kumpikisanowo chifukwa cha iye.

Atayamba kujambulanso, mlamu wakeyo anaphonya polowera kolasi. Anayesanso, zomwezo. Phazi lake linkadumphabe kugunda kuja, pakuti linali litazolowera miyezi yonse yoyeserera.

Woimbayo anavula mahedifoni akuseka mwamanyazi. "Mwanditsimphinitsa nane, alamu. Bwezeretsani, koma mukulowetse m'kolasi momwemo. Oweruzawo akatsimphine nafe."

Wagitala anachotsa chala pa batani paja n'kunyamula gitala yake.