Matayala a Lole Pansi pa Msewu wa ku Gimboki

Kenani anagwira ntchito ya njanji zaka makumi atatu, ndipo ankati za dothi palibe angamuuze. Ndiye kunabwera Shylet, injiniya wachitsikana, n'kunena kuti msewu wa ku Gimboki aulimbitsa ndi mpweya. Mkuluyo anaseka mpaka kutsokomola.

Koma zinkathekadi. Ankasakaniza dothi ndi laimu, kulitsendera, n'kulifunditsa chipulasitiki chakuda. Kenako m'mapaipi ankalowetsamo mpweya wa kaboni, womwe uja timatulutsa tikamapuma. Pakatha maola asanu ndi limodzi dothilo linkauma gwa, khasu kuchita kunjanja. Shylet anapatsa Kenani ntchito yoyang'anira mpweyawo poti ndiye anali wamkulu komanso wosamala.

"Sekuru, zivute zitani, musavundukule nthawi isanakwane," ankatero mtsikanayo, pomutchula agogo m'chiyankhulo cha kwawo.

Lachinayi lina, Shylet atapita m'tauni, panatulukira lole ya maliro. Anali maliro a Phineas, mnzake wa kunjanji, yemwe bambo ake anabwera limodzi ndi bambo a Kenani kuchokera ku Dedza. Njira ina yakumanda inalipo, koma lole ikanayenera kutembenuka, ndipo Kenani analeredwa akudziwa kuti bokosi likatuluka pakhomo salibweza m'mbuyo. Amayi a kwaya anasiya kuimba, maso onse pa iye. Mpweya unali utangoyenda maola awiri basi.

Anatseka mpweya, anachotsa mapaipi ndi chipulasitiki, n'kuvula chipewa. Lole inadutsa, n'kusiya mizere iwiri yakuya. Iye anaikwirira ndi fosholo, anasalaza bwinobwino, n'kufunditsanso. Shylet atabwera n'kufunsa ngati zonse zayenda bwino, Kenani anati inde. Bodzalo linatuluka mosavuta moti mwini wake anadabwa nalo.

Koma mvula ya Januwale sainamiza. Msewu wonse unapirira, kupatula pamalo paja, pomwe panatitimira ngati phala. Makombi, maminibasi onyamula anthu, anayamba kuthera panjira, anthu a ku Gimboki n'kuyambiranso kuponda matope, nsapato zili m'manja. Akuluakulu a kampani anati zampweyazi ndi masanje, ndipo Lolemba akumana kuti amuchotse Shylet.

Kenani chikumbumtima chinkamuvutitsa akangomva dzina la mtsikanayo. Ankadziuza kuti analemekeza maliro, nanga akanatani? Zoona, koma Phineas sanamutume kunama. Manyazi anamugwira.

Loweruka m'mawa anamupeza Shylet atagwada pamalopo, akufukula dothi ndi manja, maso ali psu.

"Ndawerengera kasanu, Sekuru, koma sindikuona pomwe ndinaphonya," anatero. "Ndine urombo, mundikhululukire. Inu munagwira ntchito yanu bwinobwino, ine ndi amene ndakuchititsani manyazi."

Bola akanamutukwana. Mwana wa eni ake, wosalakwa, ankapepesa kwa iye amene anamuponya m'dzenje. Kenani anavula chipewa monga anachitira tsiku lija, n'kugwada naye m'matopemo, mawondo okalambawo akulira.

"Mwanangu, masamu ako alibe mlandu. Lolemba ukandilowetse kwa mabwanawo, ndikanene ndekha."

Shylet anangomuyang'ana, osamvetsa. Kenani anagwira dzanja lake lamatopelo n'kuliika pomwe dothi linali lofewa kwambiri.

"Kumba apa. Pansi pake pali matayala a lole ya Phineas. Ndinakwirira ndine."