Timabotolo Tiwiri ta Magazi

"Ndiye wina asilikali ake a m'thupi athawa nkhondo?"

"Sanathawe, mayi. Angochepa."

Ankafunsawo anali Asisita, mkulu wa anamwino m'wodi ya abambo. Woyankhayo anali bambo wa ku labu, amene chipatala chonse chinkamutcha Udzudzu. Miyezi iwiri iliyonse ankazungulira mawodi kutenga magazi a ogwira ntchito amene anabayitsa katemera wa korona, pofufuza kuti chitetezo chimakhala m'thupi mpaka liti.

Pepala lake linalibe mayina, manambala okhaokha. Nambala 41 chitetezo chinali chidakali pamwamba. Nambala 42 chinali chitatsikiratu.

Asisita anali 41, ndipo Udzudzu anali atawanong'oneza kale. Chaka chathunthu Asisita ankagona pa matiresi pabalaza, poopa kutengera matenda a m'wodi kwa amuna awo, odwala shuga ndi chifuwa. Atangomva za chitetezo chawocho, anapinda matiresi n'kubwerera kuchipinda. Tsopano inali sabata yachitatu.

Kachangu, namwino wachitsikana, analowa akuvula magolovesi. Ndiye anali 42.

"Ine ndiye nkhuku yososoledwa nthenga, eti?"

"Bwerani mawa ndidzakutengeninso magazi ena," anatero Udzudzu.

"Inu? Mumafufuza mtsempha ngati mukukumba mbewa. N'chifukwa chake ulendo wathawu tinatengana tokha. Ine ndinatenga a Asisita, iwo anatenga anga."

Udzudzu anaika cholembera pansi.

"Nanga timapepala ta nambala tomata pa botolo?"

"Aliyense anali ndi kake m'thumba."

"Munamata pa botolo liti?"

"Lomwe linali m'manja, nanga..." Kachangu sanamalize.

Kwa zaka makumi awiri Asisita akhala akuphunzitsa lamulo limodzi: botolo lisachoke m'manja mwako usanalimate. Anakumbukira bwinobwino tsikulo, tiyi akuzizira pa tebulo, wodwala wa pa bedi lachinayi akuitana. Anakumbukiranso chala chawo chikusalaza kapepala pa botolo lofunda. Chokhacho chimene sanakumbukire n'chakuti anasinthana timapepalato kapena ayi. Ngati sanasinthane, ndiye kuti botolo la 41 linali la magazi a Kachangu.

"Mbuzi ikakondwa, amalonda ali pafupi," anatero Asisita motsitsa mawu.

Udzudzu anafotokoza kuti mankhwala oyezera anatha, ena afika pakatha masabata atatu. Anawonjezera kuti chitetezo chotsika sikuti munthu ali maliseche, thupi limakumbukirabe mdani wake, komanso chokwera sikuti ndi mpanda wa njerwa. Ankalankhula ngati akuwerenga kalata ya munthu wina.

Kachangu anayang'ana pepalalo, nkhope ikufuna kusangalala koma ikuchita manyazi.

Asisita anatenga chikwama chawo, nthawi yoweruka inali itakwana. Matiresi aja anali atapereka kale kwa mdzukulu. Pakhomo anatembenuka.

"Ndiye lero ndikagone chipinda chiti?"