Msoko wa a Wotopa

Dzina lakuti Kabwana anamupatsa ali mwana, masiku amene ankabwera ku shopu ya bambo ake atavala yunifolomu n'kumalamula akuluakulu kuti asese. Bambo ake anamwalira, shopu yopanga mageti, mawilibala ndi ngolo inatsala m'manja mwake, iye anakula mpaka kukhala mayi wa ana awiri, koma dzina lija linakana kukula.

Pa foni yake panali gulu la amisiri limene silinkatseka pakamwa. Munali owotcherera, akalipentala, amakaniko, a zamagetsi ndi eni mashopu ochepa, aliyense atabisala kuseri kwa dzina lopeka. Nkhani inali imodzimodzi ngati nyimbo ya mwana: malipiro. Amisiri ankati eni mashopu akunenepa ndi thukuta la anzawo. Eni mashopu ankaloza msonkho, mtengo wa zitsulo ndi katundu wotchipa wochokera kunja. Kabwana, amene m'gulumo ankadzitcha Wamisonkho, anali ndi dandaulo lakelake: pulogalamu ya pakompyuta yoyendetsa makina odulira zitsulo. Makinawo anagula yekha, koma chaka chilichonse ankayenera kulipira eni pulogalamu kuti makinawo avomere kudzuka. Ankati kuli ngati kubwereka khasu lako lomwe.

Mdani wake m'gulumo anali munthu wina wodzitcha Wotopa. Ameneyu sankachulutsa mawu, koma akalemba ankaluma.

"Inu a Wamisonkho," analemba m'mawa wina, "msonkho ukukwera, pulogalamu ikukwera, chitsulo chikukwera. Mmisiri yekha ndiye munamukhomerera pansi ndi msomali?"

Kabwana anali atangowerenga kumene uthenga wakuti pulogalamu ija yakweranso mtengo, ndipo mtima unali m'mwamba. Zala zinathamanga kuposa nzeru. "Mwina ntchito yanuyo ndi yongomata-mata," anayankha. "Mmisiri weniweni sapeza nthawi yolira pa foni."

Mmisiri ukhoza kumunyoza nkhope, nsapato, ngakhale njinga yake, adzangoseka. Koma usamunyozere dzanja. Pa nthawi yopuma masana, a Wotopa anaponya chithunzi m'gulumo. Anali atasamala ndithu: nkhope panalibe, khoma panalibe, chikwangwani cha shopu panalibe. Panali zitsulo ziwiri zokha ndi mzere umene unazilumikiza. Anaiwala chinthu chimodzi, kuti mzerewo ndiwo unali nkhope yawo.

Kabwana anakulitsa chithunzicho. Mzerewo unali wosalala, wofanana kuyambira poyamba mpaka pothera, ngati wosokedwa ndi telala. Kumapeto dzanja linabwerera m'mbuyo pang'ono n'kusiya kadontho konga batani. Bambo ake ankakatcha kutseka chitseko, ndipo munthu mmodzi yekha ndiye ankatseka chitseko motero. Anali a Msoko, wowotcherera wamkulu wa pa shopupo, amene anayamba ntchito Kabwana asanamere mano.

Gulu linasokosera. Ena anayamikira, ena anati chithunzicho n'chakuba, dzanja lotere silingakhale la munthu wodandaula za malipiro. Kenako panalemba munthu amene kawirikawiri ankangowerenga.

"Ine ndimayang'anira ntchito pa fakitale yopanga matanki. Ngati dzanja ili lilipodi, ndikulifuna, ndipo malipiro ake sadzadandaula nawo. Koma zithunzi zimanama. Alipo amene anagwirapo ntchito ndi munthuyu, atichitire umboni?"

Mboni sinapezeke. A Wotopa nawo sanalembenso kanthu. Akanaitana ndani, popeza kuitana mboni kunali kudziulula?

Kabwana anaika foni chafufumimba pa tebulo n'kutuluka mu ofesi. Kumapeto kwa shopu a Msoko anali ataweramira ngolo, chigoba chili kumaso, moto wabuluu ukuthetheka. Anaima patali kuwayang'ana. Dzanja silinkanjenjemera, silinkathamanga, linkangoyenda ngati likudziwa kumene likupita. Nsapato zawo zinali zomangidwa ndi waya. Anali asanazionepo nsapato zimenezo, ngakhale ankadutsa pamenepo tsiku ndi tsiku, ndipo manyazi anamugwira.

Ankadziwa bwino zimene zinali patsogolo pake. Makasitomala ambiri sankabwera chifukwa cha makina aja a pulogalamu, ankabwera chifukwa geti la a Msoko silithothoka. Bambo ake atamwalira, anthu ankanong'onezana kuti shopu yafera limodzi ndi mwini wake, koma a Msoko ankafika m'mamawa, kutsekula, kuyatsa moto, mpaka onong'ona aja anatopa. Kabwana akanangokhala chete, a Msoko akanakhalabe, ndipo palibe akanadziwa kuti iye wadziwa. Koma malipiro a ku fakitale iye sakanawakwanitsa, ngakhale atagulitsa makina ndi kompyuta yomwe.

Anabwerera mu ofesi, anatenga foni, analemba, anafufuta, analembanso.

"Ine Wamisonkho ndine bwana wa munthu ameneyu. Chithunzicho si chakuba, chajambulidwa mu shopu yanga. Zimene ndinanena m'mawa ndikuzibweza. Dzanja limeneli ndilo landilera ine ndi ana anga, ndipo sindinaonepo lina lolingana nalo. Atengeni, muwalipire zimene ine ndalephera."

Atatumiza anamvetsera galayinda yopalira zitsulo ikulira panja. Patapita nthawi galayinda inasiya, ndipo pakhomo panamveka odi. A Msoko analowa chigoba chili m'manja, foni yosweka galasi ili m'dzanja linalo. Anakana mpando.

"Abwana, mwalemba chiyani apa?"

"Zoona zokhazokha, bambo."

"Ine ndimangotulutsa mpweya. Wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko. Sindinanene kuti ndikufuna kuchoka."

"Ndikudziwa. Inu simukananena, ndiye ndanena ine." Kabwana anawayang'ana m'maso. "Kodi mumadziwa kuti Wamisonkho ndine?"

A Msoko anakanda kumutu, kakumwetulira kakuwathawa. "Kalekale. Pa dziko lonse lapansi palibe munthu wina amene amalira maliro a pulogalamu ngati inu."

Kabwana anaseka, misozi ikulengeza. "Ndiye mumandilavulira moto dala? Ofesi ili pompano, bwanji osangobwera kudzandiuza?"

"Pamaso sindikanatha, mwananga. Ndinakunyamula uli khanda. Munthu amene unamupukutapo mamina, umayamba bwanji kukangana naye za malipiro?"

Aka kanali koyamba kumutcha mwananga chimwalirire bambo ake, ndipo mawuwo anamupweteka kuposa zonse zimene a Wotopa analembapo.

"Nanga shopu?" anafunsa a Msoko.

"Shopu ndi mutu wanga. Amisiri enawa munawaphunzitsa nokha, ayambe kuonetsa zimene anaphunzira. Pitani, bambo. Mukakana ndikuchotsani ntchito."

"Kabwana weniweni," anatero a Msoko, akupukusa mutu. Anavala chigoba chawo asanatuluke n'komwe mu ofesi, ndipo Kabwana anadziwa chifukwa chake.

A Msoko anamaliza mwezi, anamaliza ngolo zonse zimene anayamba, n'kupita. M'gulu muja nkhaniyo inayenda masiku angapo. Amisiri ena ankati mabwana otere kulibe, ndi nthano chabe. Eni mashopu ena ankati Wamisonkho wapenga, ndani amapereka ng'ombe yake yamkaka kwa mnansi? Posakhalitsa onse anabwerera ku nyimbo yawo ya msonkho ndi malipiro.

Lolemba lotsatira Kabwana anafika yekha kudzatsekula. Geti la shopuyo, shopu yopanga mageti, linali lopendekeka kuyambira nthawi ya bambo ake. Linkakhula pansi, ndipo polikankha munthu ankachita kuikapo phewa. Anaikapo phewa monga mwa masiku onse, geti n'kutseguka lokha mopepuka, iye pang'ono n'kugwa chafufumimba. Anawerama kuyang'ana pa hinjesi. Panali mzere watsopano, wosalala, ndi kabatani kumapeto kwake.

Anaugwira ndi chala. Chitsulo chinali chozizira. Mkati mwa shopu munali zii, ndipo pamalo pa a Msoko paja panalibe woyatsa moto. Anamva chisoni ndi kunyada nthawi imodzi, osadziwa kuti chachikulu n'chiti.

Foni inalira m'thumba. Unali uthenga wa m'gulu, wochokera kwa a Wotopa, amene ngakhale anali pa ntchito yatsopano dzina sanasinthe.

"A Wamisonkho, getilo muzilithira mafuta. Limenelo silifuna pulogalamu."