Telala wa Pakhonde la ku Limbe

"Uyo wa chipewa chopendekayo ndiye ekita, bambo. Chipolopolo chimangomupatsa moni n'kudutsa!"

Eston anali yakaliyakali kumasulira filimu m'nyumba yosamalira okalamba ku Beaumont Leys, kudziko la azungu komwe ankagwira ntchito. Lusoli analitola ali mwana m'mavidiyo a ku Ndirande, ndipo Lamlungu lililonse ankalitulutsa chifukwa cha munthu mmodzi, Bambo Essop, mmwenye wobadwira ku Limbe amene anakalambira kuseri kwa kauntala ku Belgrave Road. Nkhalambayi inkadya bwino pa tsiku la filimu. Naye Eston, tisabise, tsikuli ankaliyembekezera ndi mtima wonse, poti Chichewa chosalankhulidwa chimasasa m'kamwa.

Tsikulo anaika filimu yakalekale ya ku America, yojambulidwa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili m'kati. Asilikali ake anali oyera mano, adani onse ankhope zolusa. Eston anatengeka.

"Akuyoyoka ngati mango, bambo! Wothawa nkhondo yokoma chonchi ndi nkhuku!"

Bambo Essop anaika supuni pansi. "Ndibwezere kuchipinda."

Kuyambira pamenepo sanatulukenso, ndipo mbale zinkabwerera momwe zapitira. Nesi Atuweni anamukoka Eston pambali.

"Achimwene, kamwa lanuli lilibe mabuleki. Kakonzeni zimenezi, munthu akutha thupi uyu."

Eston analowa ndi tiyi wa masala, nkhawa itamugwira. "Ndinalakwa pati, bambo?"

"Unamasulira bwino, mwanawe. Vuto lake n'lomwelo." Nkhalamba inayang'ana kuwindo. "Ndili mwana, pakhonde la sitolo ya bambo anga pankasoka telala, Henderson. Chichewa ndikulankhulachi n'chake. Kunabwera galimoto yoonetsa kanema wankhondo pabwalo, womasulira wake lilime lozuna ngati lakoli. Henderson anaomba m'manja, mawa lake n'kukalembetsa usilikali. Makina ake tinawasunga mpaka anachita dzimbiri."

Eston anaika tiyi uja patebulo. Iye mafilimuwa ankangowaona ngati mpira, wina achinye, wina alire.

"Ndiye tiwasiye, bambo?"

"Ukufuna ndife ndi masewera a bingo? Ika yomweyo. Koma chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere. Iwe uzinena za nyererezo."

Lamlungu lotsatira Eston anawakankha Bambo Essop pa njinga yawo ya olumala mpaka patsogolo, Atuweni n'kuwaikira mpunga wa nyemba. Ulendo uno Eston anamusiya ekita kuti adziyamikire yekha.

"Mdani wagwayo kwawo ankaphika buledi," anatero Eston. "Nkhope yolusayo amujambula dala kuti tisamumvere chisoni. Winayo wasiya mkazi wodwala. Nanga uyo wakuda ali kumbuyoyo, wasenza bokosi, kamera yangomudutsa osamupatsa ndi moni yemwe."

Bambo Essop anaweramira kutsogolo, maso ali gwa. "Ameneyo ndi telala. Taona mmene kolala yake yakhalira."

"Telala ndithu," Eston anavomera, mtima ukuyera. "Ndipo filimu ikangotha akukwera sitima, ulendo wa ku Limbe."

"Wayambanso bodza! Sanabwere." Nkhalamba inaseka, misozi ikulengeza. "Ingomuimitsa pomwepo ndimuone."

Eston anaimitsa filimu. Ekita anauma kukamwa kuli yasa, ndipo palibe anamusamala. Bambo Essop anatola supuni n'kuyamba kudya pang'onopang'ono, akuyang'ana munthu wa bokosi uja, mpaka mbale inayera.