Dzino la Yamikani ndi Magazi a Mlendo

Dzino la mdzukulu wanga Yamikani linaguluka tikukumba kachewere kwathu ku Tsangano. Kadzino koti mwana wina amangoponya padenga n'kuiwala. Koma kwathu si choncho. Ana aamuna ena a m'banja lathu magazi awo saundana. N'chifukwa chake Yamikani sindimulola kugwira mpeni, kumenya mpira, ngakhale kukwera mtengo wa mapichesi.

Tinamulumitsa kansalu, kanafiira. Tinasintha kena, chimodzimodzi. Kutacha, mwana anali atayera zikhatho. Mayi ake Zelesi, mwana wanga, anaitana njinga yamoto yoti imutengere kuchipatala, ine n'kukaniza. Mlongo wanga Hilary anali ndi vuto lomweli. Kalekale anamuthira magazi kuchipatala, patapita zaka anayamba kuonda mpaka tinamuika. Anati inali Edzi. Chiyambire pamenepo, magazi a munthu wosamudziwa ndinkawaopa koopsa.

Zelesi sanandimvere, ndiye ndinakwera nawo kuti ndikaletse komweko.

Kuchipatala chachikulu kumene a pachipatala cha kwathu anatitumiza, anamwino aamuna, a Nicholas, anati mwana wataya magazi ambiri, afunika kumuthira. Ndinapinda mkono wa juzi.

"Tengani angawa," ndinatero. "Awa ndiye ndikudziwa kumene ayenda."

"Gogo, inu mwakula, sitingakutengeni magazi," anayankha akumwetulira. "Komanso ngakhale anuwo tikanayamba tawayeza. Magazi sitiwafunsa chibale."

Ndinawauza za Hilary, anamvetsera mpaka ndinamaliza. Anati zoterozo zinkachitikadi kale, makamaka kwa anthu othiridwa magazi kawirikawiri, pamene njira yoyezera kachilombo kunalibe. Masiku ano thumba lililonse limayezedwa lisanafike kwa wodwala, ndipo lopezeka ndi kachilombo limatayidwa.

"Chimene chingatilande mwanayu lero ndi kuchedwa," anatero.

Ndinayang'ana milomo ya Yamikani, itauma gwaa. Ndinavomera. Anamuthira magazi ndi mankhwala oundanitsa, ine nditamugwira phazi mpaka thumba linatha. Madzulo anapempha chimanga chowotcha, ndinamukaniza chifukwa cha nkhama.

Patapita miyezi ndinamutengera ndekha kukayezetsa. Analibe kachilombo.

Tsono mverani, amayi anzanga. Mwana amene magazi ake sasiya msanga, musamuteme mphini, musamupatse asipulini, musadikire kuti kuche. Thamangani naye kuchipatala, ndipo mukafika nenani za vuto lakelo. Magazi oyezedwa musawakane.

Yamikani dzino lina layamba kugwedera. Wanjinga ndamuuziratu.