Kapu ya Ulusi Wofiira

M'shopu mwa Akalipentala muli kapu yachitsulo yomangidwa ulusi wofiira pachogwirira. Masiku ano amasungiramo mapensulo. Koma akaiyang'ana amakumbuka chaka chimene akazi awo anawapeza ndi khansa ya m'mawere, ndi mmene kapuyo inatsalira pang'ono kuwasiyitsa mankhwala.

Ulusiwo anamanga ndi achemwali awo a Akalipentala, amene anabwera kudzadwazika.

"Matenda awa sitikuwadziwa," anatero achemwali. "Alamu akhale ndi kapu yawoyawo, mbale yawoyawo. Ana asamalowelowe kuchipindako."

Akalipentala, munthu wosalankhulalankhula, sanatsutse. Anaganiza kuti mwina n'chimene chimafunika. Tebulo limene anakhoma okha atangokwatirana linatsala ndi mpando umodzi wopanda munthu. Kale mayi ndi amene ankayambitsa nyimbo patebulopo banja lisanapemphere, n'kumawaseka bambo kuti amaimba ngati sowo yobuntha. Tsopano chakudya cha mayi chinkasiyidwa pakhomo la chipinda, ndipo achemwali pokatenga kapu ija ankavala pepala la pulasitiki kumanja. Akalipentala ankangoima kuseri kwa chitseko n'kumapemphera chamumtima.

Litafika tsiku lokalandiranso mankhwala a m'diripi, mayi anakhala pabedi osavala.

"Sindipita," anatero.

"Bwanji, mayi?"

"Ndichirirenji? Munandiika kale m'manda inu, kwangotsala kuthira dothi."

Mawuwo anawabaya bambo. "Tipite kalero kokha," anachonderera. "Mukawauze nokha anamwino."

Mayi analola, ndipo anapita kuchipatala. Chipinda cholandirira mankhwala chinali ndi mipando mbali zonse ndi sinki pafupi ndi khomo. Namwino anasamba m'manja ndi sopo, n'kutikita manjawo kuti atenthe, kenako anatambasula dzanja. Mayi anabweza msanga lawo.

"Musandigwire, anamwino. Mungatengere."

Namwino sanafulumire. Anakoka mpando n'kukhala pafupi. "Anakuuzani zimenezo ndani, amayi?"

Mayi anayamba kulira. Namwino anawasiya alire mpaka atapuma, kenako anaitana achemwali, amene anawaperekeza n'kutsala panja.

"Ndimvereni nonse," anatero. "Khansa sipatsirana. Simungaitenge pa kapu, pa zovala, kapena pogwirana chanza. Ine ndimagwira odwala tsiku ndi tsiku."

Achemwali anatsokomolera m'manja.

"Chifuwacho chayamba liti?" anafunsa namwino.

"Aa, n'kachimfine chabe."

"Kwa inu n'kachimfine. Kwa alamu anu kangathe kuwagoneka m'chipatala. Mankhwalawa amafooketsa chitetezo cha m'thupi. Inu mwakhala mukuwaopa iwo, pamene iwo ndi amene ayenera kuopa zimene tikuwabweretsera ife."

"Iii, ndiye kuti mfiti ndine?" anatero achemwali, atagwira pakamwa.

"Mfiti ndi manja osasamba," namwino anayankha akuseka. Anawapatsa chophimba pakamwa ndi mphuno, n'kufotokoza kuti aliyense azisamba m'manja ndi sopo asanagwire wodwala kapena chakudya chake, ziwiya zizitsukidwa bwino, wodwala chimfine azilonjera ali patali, ndipo thupi la mayi likatentha athamange nawo kuchipatala tsiku lomwelo.

Kenako anatembenukira kwa Akalipentala. "Bambo, dzanja la akazi anu munaligwira liti komaliza?"

Bambo anayang'ana pansi. Sanakumbukire.

"Bwerani kusinki kuno. Pakati pa zala, kuseri, m'zikhadabomo muli utuchi. Musathamange, chitani ngati mukusalaza thabwa la kasitomala wovuta."

Atapukuta, namwino anawalozera mpando wa pambali pa akazi awo. "Diripi ndi ntchito yanga. Iyi ndi yanu. Munthu wosiyidwa yekha amataya mtima, ndipo akataya mtima amasiya mankhwala."

Akalipentala anakhala, n'kutenga dzanja lija mwamanyazi ngati mnyamata wofunsira. Linali lozizira, lopepuka. Mayi anayang'ana manja a bambowo.

"Manja ngati sandipepa," anang'ung'udza.

"Anali otero kale pamene munkandilola."

Mayi anaseka, kuseka kumene bambo anali atakusowa miyezi yambiri, ndipo anapereka mkono winawo kuti namwino alowetse singano.

Madzulo a tsikulo Akalipentala anakhoma kabenchi pakhomo la nyumba, n'kuikapo ndowa ya mpopi ndi sopo. Achemwali anadziika okha kukhala mlonda wake. Ngakhale abusa atabwera kudzapemphera, anayamba aima pandowapo. Achemwali eni akewo, mpaka chifuwa chitatha, ankacheza ndi alamu awo pawindo, n'kumawasimbira nkhani zonse za kumsika. Ana anayambanso kulowa kuchipinda atasamba m'manja, ndipo mpando uja unapezanso mwini wake. Tsiku lina thupi la mayi linatentha. Sanadikire kuti aone mawa, ndipo kuchipatala anawathandiza matenda asanakule.

Mayi anamaliza mankhwala onse. Namwino uja anasamukira kwina, ndipo Akalipentala sanapeze mpata womuthokoza bwinobwino. Amangomutchula m'pemphero, pokumbukira mmene ankatenthetsera manja asanagwire wodwala.

Lero tsitsi la mayi linameranso, la imvi, ndipo masana amabwera kushopu ndi tiyi. Akaona kapu ija amapukusa mutu. "Simudzaitaya, bambo?"

"Ayi, imandiphunzitsa."

Kasitomala akadandaula kuti kwawo kuli wodwala khansa, Akalipentala amaika pansi hamala, n'kutenga kapuyo.

"Khansa sipatsirana," amatero. "Musamusale m'bale wanuyo, ndipo asasiye mankhwala. Sambani m'manja ndi sopo, kenako kamugwireni dzanja."